Mwana wachiwiri abwere liti? Kumasulira manambala amene timamva kusikelo

Mwana woyamba akangoyamba kuyenda, mafunso nawo amayamba. Apongozi amafunsa mokuluwika kuti, "Kodi mdzukulu wangayu azisewera ndi ndani?" Anzanu kuntchito amati berekeranitu mphamvu zikadalipo, matewera muchapire kumodzi. Kusikelo namwino amati dikirani zaka 2. Mlangizi wa zaumoyo wachikulire amati iye anaphunzira kuti zaka 3 mpaka 5. Mukatsegula foni mupeza nkhani ya ku America ikunena miyezi 18, ina ya ku Canada ikuti chaka chimodzi chikhoza kukwana. Ambiri amafika pongoti achipatala nawonso sadziwa chimene akufuna.

Manambala onsewa ali ndi kumene anachokera. Ena akusiyana chifukwa kuwerenga kwake kukuyambira malo osiyana, ena chifukwa anapezeka pakati pa amayi okhala moyo wosiyana kwambiri.

Kuwerenga kumayambira pati?

Pali mipata iwiri imene imasokonezedwa. Woyamba ndi wochokera tsiku limene mayi wachira kufika tsiku limene waimanso. Wachiwiri ndi wochokera tsiku lobadwa mwana woyamba kufika tsiku lobadwa mng'ono wake, ndipo uwu ndi umene tonsefe timawerenga tikamati ana opondana anasiyana zaka zingati. Mipata iwiriyi imasiyana ndi miyezi 9 ya pathupi.

Tiyerekeze mwana wabadwa mu Januwale 2024. Namwino akati dikirani zaka 2, akutanthauza kuti mayi asaime Januwale wa 2026 asanafike. Akaima mwezi womwewo, khanda lidzabadwa cha mu Okutobala 2026, mkulu wake ali ndi miyezi 33, kutsala miyezi 3 yokha kuti akwanitse zaka 3. Ndiye kuti namwino wonena zaka 2 uja ndi mlangizi wonena zaka 3 uja akuloza pafupifupi malo amodzi. Zili ngati anthu awiri otsutsana za kutalika kwa ulendo wa ku Mzuzu, wina akuwerengera kuyambira pamene basi yanyamuka, mnzake kuyambira pamene anatseka chitseko kunyumba.

Banja limene lamva "zaka 2" n'kuganiza kuti ana azisiyana zaka 2 pa kubadwa, mayi amaima mwana ali ndi miyezi 15 yokha. Kulakwitsa kumeneku n'kofala, ndipo nthawi zambiri palibe amene amafunsa kuti kuwerengako kuyambire pati.

Kutumbiza: nkhaniyi si yachilendo

Chichewa chili ndi mawu akeake a mayi amene waima mwana akadali pabere: watumbiza. Mawuwa sanenedwa moyamikira. Makolo ankaona ndi maso awo kuti mwana wotumbizidwa amachotsedwa kubere mwadzidzidzi, amataya mbereko, kenako amanyentchera, tsitsi kufiira, mapazi kutupa. Anaika malamulo otchinga zimenezi. Mayi akatuluka m'chikuta, bambo ndi mayi sankakhalira limodzi kufikira anankungwi atawalola kutengera mwana kumphasa, ndipo wodumpha lamulo ankaopsezedwa ndi tsempho kapena mdulo. Kutalika kwa nthawi yodikirayi kunkasiyana malinga ndi dera. Eliya Zulu, katswiri wa zachiwerengero cha anthu, analemba mu 2001 kuti m'madera amene anafufuza, kumpoto ndi kumene mabanja ankadikira nthawi yaitali, kuchigawo chapakati n'kumene inali yaifupi.

Si ife tokha amene tinaona zimenezi. Dokotala wa ku Jamaica, Cicely Williams, akugwira ntchito ku Accra, likulu la Ghana, m'zaka za m'ma 1930, anafotokoza matenda a ana otupa thupi chifukwa cha kuperewera kwa zakudya. Mu 1935 anawalemba ndi dzina limene anthu a chinenero cha Ga ankawatchula kale, kwashiorkor, lomwe limamasuliridwa kuti matenda a mwana amene walandidwa malo ndi mng'ono wake. Dzina limene madokotala dziko lonse amagwiritsa ntchito lero linayamba ngati dandaulo la kutumbiza.

Ngakhale boma la Malawi linalowera khomo lomweli. M'zaka za m'ma 1960 boma la Kamuzu Banda linaletsa ntchito zolimbikitsa kuchepetsa ana. Pamene linadzalola mu 1982, linalola ndondomeko yotalikitsa mpata pakati pa ana, osati yochepetsa chiwerengero chawo. Banja La Mtsogolo inayamba mu 1987, ndipo ndondomeko ya dziko ya chiwerengero cha anthu inabwera mu 1994. Mawu amene tinakhazikika nawo, akuti kulera, amanena za mwana amene alipo kale m'manja. Kuchokera nthawi imeneyo zinthu zasintha kwambiri: mu 1992 mayi mmodzi ankabereka ana pafupifupi 6.7 ndipo amayi okwatiwa 7 okha pa 100 ndiwo ankagwiritsa ntchito njira zamakono zakulera, pamene kafukufuku wa 2015-16 anapeza ana 4.4 ndi amayi 58 pa 100.

Chimene thupi la mayi limabweza

Pathupi ndi kuyamwitsa zimatapa m'nkhokwe ya thupi la mayi. Ayironi wopangira magazi amachepa, makamaka ngati mayi anataya magazi ambiri pochira. Folate, amene amathandiza kupanga msana ndi ubongo wa mwana m'milungu yoyambirira, amatsikanso ndipo amatenga miyezi kuti abwerere. Khomo la chiberekero ndi minofu yake zimafuna nthawi. Mimba ina ikabwera nkhokwe isanadzaze, mwana amayamba ndi zochepa, ngati chimanga chobzalidwa m'munda umene wangokololedwa kumene popanda manyowa. Zotsatira zimene akafukufuku akhala akuzipeza mobwerezabwereza ndi kubadwa masiku asanakwane, kubadwa wochepa sikelo, ndi kuchepa magazi kwa mayi. Kwa ife nkhani ya ana obadwa masiku asanakwane si yakutali: lipoti la padziko lonse la 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse, ndi ana 18 pa 100 alionse.

Nambala ya zaka 2 inachokera kumsonkhano wa akatswiri umene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linachititsa ku Geneva mu Juni 2005. Anagwirizana kuti mayi akachira mwana wamoyo adikire miyezi yosachepera 24 asanayese kuimanso. Chochititsa chidwi n'chakuti akatswiriwo sanali pa mawu amodzi. Umboni wina unkaloza miyezi 18, wina 27. Anasankha 24 mwa zina chifukwa imagwirizana ndi uphungu woyamwitsa mwana kwa zaka 2, komanso chifukwa "zaka 2" n'zosavuta kunena ndi kukumbukira kusiyana ndi "miyezi 27". Uphungu wa zaka 3 mpaka 5 unabwera msonkhanowu usanachitike, ndipo unafalitsidwa kwambiri ndi bungwe la chithandizo la boma la America la USAID potengera kafukufuku wa imfa za ana m'mayiko osauka. Uwu unkawerenga kuchokera kubadwa kufika kubadwa.

Mu 2006 Agustin Conde-Agudelo ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wambiri n'kupeza kuti chiopsezo kwa khanda chimakwera mpata wochokera kuchira kufika kuimanso ukachepera miyezi 18, ndipo chimakwera kwambiri ukachepera miyezi 6. Bungwe la madokotala a amayi ku America, ACOG, limalangiza chimodzimodzi: pewani kuima miyezi 6 isanathe, ndipo kambiranani ndi dokotala ngati mukufuna kuima miyezi 18 isanakwane.

Mayi amene anachira kudzera opaleshoni ali ndi nkhani yowonjezera. Bala la pamimba limapola m'milungu yochepa, koma chipsera cha pachiberekero chimachedwa kulimba, ngati simenti imene yauma pamwamba mkati mukadali mofewa. Ana akabadwa motalikirana miyezi yosakwana 18, chiopsezo choti chiberekero ching'ambike pa nthawi yochira chimakwera. Ngoziyi sichitika kawirikawiri, koma ikachitika imafuna opaleshoni ndi magazi mwamsanga, ndipo kwa mayi wokhala kutali ndi chipatala chachikulu mtunda umalowa m'masamu.

Chifukwa chake akatswiri akutsutsana

Apa m'pamene pagona nkhani, ndipo m'pofunika kudekha.

Kafukufuku wakale ankatenga amayi amene anaima msanga n'kuwayerekeza ndi amayi ena amene anadikira. Vuto lake n'lakuti magulu awiriwa amasiyana pa zinthu zambiri. Mayi woima msanga nthawi zambiri amakhala wamng'ono msinkhu, wosauka, wokhala kutali ndi chipatala, kapena amene mwana wake woyamba anamwalira. Mwana wachiwiri akabadwa wofooka, chachititsa ndi mpata waufupiwo kapena zinazi?

Taganizirani mudzi umene onse obzala mochedwa amakolola zochepa. Mukhoza kufulumira kunena kuti vuto ndi kuchedwako. Koma mukafunsa bwino, obzala mochedwawo ndi omwewo amene anali ku ganyu m'minda ya ena, ndipo ndi omwewonso analibe feteleza. Kuti mudziwe mbali ya kuchedwa payokha, muyenera kuyang'ana mlimi mmodzi, munda womwewo, chaka chimene anafulumira ndi chaka chimene anachedwa.

Izi ndi zimene Stephen Ball ndi anzake anachita mu 2014 mumzinda wa Perth, ku Western Australia. Anatenga amayi oposa 40,000 amene aliyense anabereka ana atatu, n'kuyerekeza mayi ndi iye mwini. Atatero, mbali yaikulu ya chiopsezo cha mpata waufupi inazimiririka. Mu 2018 Laura Schummers ndi anzake anafufuza mimba pafupifupi 150,000 ku British Columbia, Canada, n'kupeza kuti chiopsezo chilipodi mpata ukachepera chaka, koma pakati pa miyezi 12 ndi 18 chimakhala chitatsika kale. Nkhani za "chaka chimodzi chikwana" zimene zimayenda pafoni zimachokera kumeneku.

Koma njira yomweyo yoyerekeza ana a mayi mmodzi itagwiritsidwa ntchito kwina, yankho linasintha. Mu 2019 Joseph Molitoris, Kieron Barclay ndi Martin Kolk anafufuza ana pafupifupi 4.5 miliyoni m'mayiko 77 osauka ndi ongotukuka kumene. Anapeza kuti ana obadwa zaka 3 zisanathe chibadwire mkulu wawo amamwalira ali makanda mochulukirapo, ngakhale mutawayerekeza ndi abale awo a bere limodzi. Anapezanso kuti chiopsezochi n'chachikulu kumene kuli umphawi ndi imfa zambiri za ana, ndipo chimachepa kwambiri kumene amayi anapita patali ndi sukulu.

Kafukufuku wa ku Perth ndi wa m'mayiko 77 sakutsutsana kwenikweni. Mayi wa ku Perth amene waima mwana ali ndi miyezi 8 amadya mokwanira, amamwa mapiritsi owonjezera magazi, ali ndi madzi aukhondo osungunulira mkaka wa m'chitini, ndipo chipatala chili pafupi. Mayi wakumudzi amene waima mu Disembala, nkhokwe ili mbee, khasu lili m'manja, wina ali kumbuyo, alibe zotchinga zimenezo. Mpata ndi womwewo, miyezi 8, koma mtengo wake ndi wosiyana. M'chiweruzo changa, ichi n'chimene owerenga ambiri amaphonya akamatumizirana nkhani zakunja: nambala imayenda pa intaneti yokha, kusiya m'mbuyo moyo wa amayi amene inachokerako. Zimagwiranso mbali inayo. Mayi wa ku Lilongwe kapena ku Leeds, ku England, amene amadya bwino ndi kuyezedwa mwezi ndi mwezi sali m'gulu limodzi ndi amayi amene uphungu wa zaka 3 mpaka 5 unkawaganizira.

Kuyamwitsa: mafuwa atatu

Amayi ambiri amene atumbiza sanachite kusankha. Ankakhulupirira kuti woyamwitsa saima. Chikhulupirirochi chili ndi choonadi chake, koma chili ndi malire amene akatswiri anawalemba ku Bellagio, Italy, mu 1988. Kuyamwitsa kumateteza pafupifupi 98 pa 100 ngati zinthu zitatu zilipo nthawi imodzi: mwana sanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo mayi sanayambenso kusamba. Ali ngati mafuwa. Mukachotsapo limodzi, mphika umagwa. Phala likangoyamba, kapena mayi akabwerera kuntchito n'kumasiya mwana tsiku lonse, chitetezo chimachepa. Dzira limatha kukhwima mayi asanaone kusamba koyamba, choncho kudikira chizindikirocho n'kudikira chinthu chobwera mochedwa. Mayi wosayamwitsa akhoza kuima patangotha milungu 3 kapena 4 chichirireni.

Palinso chikhulupiriro chakuti mayi akaima mkaka wake umaonongeka ndipo mwana aletsedwe bere tsiku lomwelo. Achipatala amati pa mimba yopanda zovuta kuyamwitsa kukhoza kupitirira, ngakhale mkaka umachepa mimba ikamakula. Chimene chimagwetsa mwana kawirikawiri ndi kusiyitsidwa mwadzidzidzi popanda chakudya chokwanira cholowa m'malo.

Njira yakulera nayo imalowa m'kuwerenga. Wochotsa lupu kapena zoika pamkono za Implanon ndi Jadelle akhoza kuima mwamsanga. Jakisoni wa miyezi 3, amene amayi ambiri kuno amabayitsa, amachedwetsa: ena amatha miyezi yambiri, mwina kufika chaka, asanaime. Banja lofuna kuti ana asiyane zaka 3 likhoza kupezeka lafika zaka 4 chifukwa cha ichi chokha.

Kudikira kwambiri, msinkhu, ndi mimba yopita padera

Mpata wautali nawo uli ndi zake. Kafukufuku wa 2006 uja anapeza kuti chiopsezo chimakweranso zikadutsa zaka 5. Ku Norway, kafukufuku wa 2002 anaonetsa kuti chiopsezo cha matenda othamanga magazi a amayi oyembekezera chimakwera chaka ndi chaka, ndipo zikafika zaka 10 chimafanana ndi cha mayi wa mimba yoyamba. Zili ngati thupi limaiwala njira imene linadutsamo.

Kwa mayi amene anayamba kubereka ali ndi zaka 35 kapena kuposa, mawotchi awiri amayendera limodzi. Kudikira kumapatsa thupi nthawi, koma kuima kumavutirapo chaka chilichonse ndipo mimba zopita padera zimachuluka. Kafukufuku wa ku Canada uja anapeza kuti amayi a msinkhu umenewu ndi amenenso mpata waufupi umawaika iwo eni pachiopsezo. Palibe nambala imodzi imene ingathetse masamu amenewa popanda kuyang'ana thanzi la mayiyo.

Mimba ikapita padera, WHO mu 2005 inalangiza kudikira miyezi 6, ndipo uphunguwu unatsamira kwambiri pa kafukufuku mmodzi wa ku Latin America. Kafukufuku wa ku Scotland wa 2010 anapeza kuti amayi amene anaima miyezi 6 isanathe zinawayendera bwino, mwinanso kuposa amene anadikira. Mu 2019 Annette Regan ndi anzake anapeza zofananako kwa amayi a ku Finland, Norway ndi Western Australia amene anabereka mwana wakufa kale: kuima chaka chisanathe sikunaonjezere chiopsezo. Apanso amayi ake ndi a m'mayiko olemera.

Nanga ana eni akewo, nanga thumba?

Makolo ambiri akamafunsa za mpata saganiza za folate. Akufuna kudziwa ngati anawo adzagwirizane, ngati wamkulu adzachite nsanje, ngati ndalama zidzakwane. Pa kugwirizana, akafukufuku sanapeze mpata umodzi wopambana ina yonse. Khalidwe la mwana ndi mmene pakhomo palili zimalemera kwambiri. Pa maphunziro, Kasey Buckles ndi Elizabeth Munnich anapeza mu 2012 kuti ku America mwana wamkulu amakhoza bwinoko m'kalasi mng'ono wake akachedwerapo. Barclay ndi Kolk atayerekeza abale a m'banja limodzi ku Sweden mu 2017, anapeza kuti mpata sunasinthe kwenikweni maphunziro kapena malipiro awo atakula.

Za thumba ndiye mukhoza kuziwerengera nokha. Sekondale ndi zaka 4. Ana osiyana zaka 2 adzakhala kusukulu yogonera konko limodzi kwa zaka 2, matumba awiri, mayunifolomu awiri, mayendedwe awiri. Osiyana zaka 4, wina akutuluka Fomu 4 mnzake akulowa Fomu 1, koma kholo lidzalipira zaka 8 zotsatizana osapuma. Kwa mayi wolembedwa ntchito, lamulo la ntchito la Malawi la 2000 limapereka tchuthi cha uchembere cha milungu yosachepera 8 cholipidwa, kamodzi m'zaka 3 zilizonse, ndipo kusintha kwa 2021 kunapatsa abambo milungu 2, nakonso kamodzi m'zaka 3. Wochira kawiri m'zaka 2 amadalira chifundo cha abwana.

Ndipo pali mtengo umene sulembedwa m'buku lakusikelo. Aliyense amene anakwerapo minibasi ndi mayi wa khanda m'manja, wina wa chaka ndi theka akukoka chitenje kufuna kuberekedwa, amaudziwa. Mpata ukatalika kwambiri, mtolowo umatha kugwera mwana wamkulu, makamaka wamkazi, amene amasanduka mlezi pa nthawi imene anzake akulemba homuweki.

Mafunso amene akadali pabwalo

Kodi uphungu umodzi wa miyezi 24 ungakwanire mayi wa ku Nsanje ndi wa ku Oslo ku Norway, kapena pakufunika uphungu wosiyana malinga ndi dziko? Ofufuza angapo apempha kuti WHO iunikenso uphungu wa 2005. Ena akuopa kuti uthenga wosavuta ukasanduka wa nthambi zambiri, udzasochera usanafike kwa amayi amene akuufuna kwambiri.

Ngati vuto lalikulu ndi nkhokwe yosadzaza, kodi chakudya chabwino ndi mapiritsi a ayironi ndi folate zingafupikitse nthawi yodikira, ndipo ndi miyezi ingati? Kapena pali mbali ya kuchira imene imangofuna nthawi basi?

M'mayiko osauka, chimapha mwana wotumbizidwa komanso mng'ono wake n'chiyani makamaka: kufooka kwa thupi la mayi, kulimbirana bere ndi mbale, kapena kupatsirana matenda pakati pa ana aang'ono ogona mphasa imodzi? Yankho lake lingasinthe kumene ndalama za zaumoyo zikuyenera kupita.

Miyezi 6 yodikira mimba ikapita padera, kodi ikhalebe kwa amayi a kuno, kumene kuchepa magazi ndi malungo n'zofala, pamene umboni woti ichotsedwe ukuchokera ku Ulaya ndi Australia?

Ndipo pakhomo penipeni, kumene kale anankungwi ndi ankhoswe anali ndi mawu, lero mayi akafuna kudikira, bambo akufuna mwana wamwamuna msanga, apongozi akuwerenga miyezi, namwino ali ndi nambala yake, womaliza kulankhula ndi ndani?